Foni ikayankha m'Chichewa, kodi yamvadi zimene mwafunsa?

Masiku ano si zachilendo kuona mlimi wa ku Insaca, Chiuta kapena Entre-Lagos akujambula botolo la mankhwala a mbozi kuti foni imumasulire zimene zalembedwapo. Botolo lina lagulidwa ku Cuamba ndipo malangizo ake ali m'Chipwitikizi. Lina laoloka malire kudzera pa Nayuchi ndipo lili m'Chingerezi. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014. Kutsidya ku Malawi, bungwe la Opportunity International linabweretsa pulogalamu yotchedwa Ulangizi, imene imayankha mafunso a ulimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi potengera buku la malangizo la unduna wa zamalimidwe wa dzikolo. Achinyamata ena amafunsa ChatGPT za mbewu, za matenda a ziweto ngakhalenso za mitengo ya pamsika.

Mayankho ake amabwera msanga, ndipo nthawi zambiri amamveka bwino. Apa ndi pamene pagona funso: makinawa akamayankha m'chiyankhulo chathu, kodi amamva zimene akunena? Nanga mlimi awakhulupirire mpaka pati, poti pamene palakwika pamapita mbewu ndi ndalama za chaka chonse? Funsoli lakhala likuzunguza akatswiri a magulu anayi: a ziyankhulo, a lojiki, a makompyuta, ndi a filosofi amene amafufuza kuti kuganiza n'chiyani. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Chichewa, chimene kuno ku Mozambique timachitchulanso Cinyanja, chinathandiza nawo kwambiri pa kafukufukuyu.

Malamulo amene sitinaphunzire m'kalasi

Mwana wa zaka zinayi amene sanapondeko kusukulu amanena kuti "mbuzi yanga yaikulu yathawa". Zikakhala zambiri amati "mbuzi zanga zazikulu zathawa". Simudzamumva akuti "mbuzi yanga zathawa". Amadziwa kuti chimanga "chapsa", mpunga "wapsa", mawungu "apsa". Palibe anamukhazika pansi kumuuza kuti mayina ali m'magulumagulu, ndi kuti gulu lililonse lili ndi tizidutswa take togwirizanitsa mawu. Komabe amatsata lamulolo osaphonya, ngakhale pa mawu obwereka. "Kalata" ndi "nsapato" anachokera ku Chipwitikizi, "foni" ku Chingerezi, koma onse atalowa m'Chichewa anapatsidwa gulu lawo: kalata yafika, nsapato zang'ambika, foni yazima.

Tamvani liwu limene wamalonda wokwiya angakuuzeni pamsika: "sindidzakugulitsiraninso". Ndi liwu limodzi, koma muli zidutswa zambiri. "Si" akukana, "ndi" ndi woyankhulayo, "dza" akuloza mtsogolo, "ku" ndi "ni" ndi inu amene mukuuzidwa, "gul" ndiye tsinde, "its" akusandutsa kugula kukhala kugulitsa, "ir" akusonyeza kuti ntchitoyo ikuchitidwira munthu wina, ndipo "nso" akuti kachiwiri. Chidutswa chilichonse chili ndi malo ake. Mukasinthanitsa awiri okha, liwulo lafa.

Mu 1957, katswiri wa ku America Noam Chomsky anatulutsa buku lotchedwa Syntactic Structures. Mfundo yake inali yakuti malamulo ochepa angathe kubala ziganizo zosawerengeka. Mutha kunena kuti "mbuzi inadya chimanga", kenaka "mbuzi inadya chimanga chimene anabzala alamu", kenaka "chimene anabzala alamu amene anakwatira ku Mandimba", n'kumapitirira osafika pothera. Chiganizo chimene simunachimvepo chibadwire mumachimva nthawi yomweyo. Chomsky anati izi zikutheka chifukwa m'mutu mwa munthu muli dongosolo la malamulo limene lingathe kulembedwa mwatsatanetsatane ngati masamu. Kagawidwe kake ka mitundu ya galamala, kamene anakalemba mu 1956, mpaka lero kamaphunzitsidwa kwa ophunzira za makompyuta.

Mmene Chichewa chinayesera akatswiri

Vuto linali lakuti malamulo ambiri oyambirira ankapangidwa poyang'ana Chingerezi. M'Chingerezi, dongosolo la mawu ndi limene limasonyeza amene wachita ndi amene wachitidwa. Kodi ziyankhulo zonse zimatero?

Chichewa chinali chitalowa kale m'mabuku a akatswiri a ku America. Mu 1937, Mark Hanna Watkins anasindikiza galamala ya Chichewa, ndipo amene ankamupatsa mawu ndi ziganizo anali Hastings Kamuzu Banda, pa nthawiyo ali wophunzira ku Chicago. Koma ntchito imene inatchuka kwambiri inadza patapita zaka 50. Mu 1987, Joan Bresnan wa ku yunivesite ya Stanford ndi Sam Mchombo wa ku Malawi, amene waphunzitsa zaka zambiri ku yunivesite ya California ku Berkeley, analemba kafukufuku wa Chichewa mu magazini ya akatswiri yotchedwa Language.

Zimene anapeza mutha kuziyesa nokha. Tengani chiganizo chakuti "mbuzi zinadya chimanga". Liwu lakuti "chimanga" liyenera kutsatana ndi "zinadya". Koma mukaika kachidutswa "chi" m'kati mwa mneni, mawu amamasuka: "mbuzi zinachidya chimanga", "chimanga mbuzi zinachidya", "chimanga zinachidya mbuzi", "zinachidya mbuzi chimanga". Paliponse wakudya ndi mbuzi, chodyedwa ndi chimanga. Bresnan ndi Mchombo anasonyeza kuti kachidutswa "chi" kamagwira ntchito ya mlowam'malo weniweni: kameneka ndi kamene kakuimira chinthu chodyedwacho, ndipo liwu lakuti "chimanga" limangotchula nkhani imene ikukambidwa. N'chifukwa chake lingathe kukhala patsogolo kapena pambuyo.

Mu 1989, Bresnan ndi Jonni Kanerva anafufuza ziganizo zonga "m'munda mwalowa ng'ombe" ndi "ku Entre-Lagos kwafika sitima". Taonani: mneni sakugwirizana ndi ng'ombe kapena sitima, akugwirizana ndi malo. M'Chichewa malo angathe kukhala mwininkhani wa chiganizo, chinthu chimene Chingerezi ndi Chipwitikizi sizichita mwa njira yomweyi.

Izi zinali zofunika kwa a makompyuta chifukwa Bresnan, pamodzi ndi Ronald Kaplan wa ku malo a kafukufuku a Xerox PARC, anali atapanga njira yolembera galamala yotchedwa Lexical-Functional Grammar. Cholinga chake chinali pawiri: ifotokoze zimene zimachitika m'mutu mwa woyankhula, komanso ikhale yoti kompyuta ingathe kuitsata pophwanya chiganizo. Chichewa chinakhala mwala woyesera ngati njirayo ingagwire ntchito pa ziyankhulo zosiyana ndi za ku Ulaya. Mark Baker nayenso anagwiritsa ntchito zitsanzo zambiri za Chichewa m'buku lake la mu 1988, ndipo Mchombo anatulutsa The Syntax of Chichewa mu 2004. Kuno kwathu, Armindo Ngunga anafufuza mneni wa Ciyao pa digiri yake ya udokotala ku Berkeley mu 1997, ndipo gulu la NELIMO la ku yunivesite ya Eduardo Mondlane linatsogolera ntchito yokonza kalembedwe ka ziyankhulo za Mozambique kuyambira pa msonkhano wa mu 1988.

Zimene sizilembedwa

Pali mbali ina ya chiyankhulo imene pepala silinyamula. Werengani chiganizo ichi: "mtengo wa nandolo wagwa". Kodi chitsamba cha nandolo chagwa ndi mphepo m'munda, kapena mavenda atsitsa ndalama za pa kilo, monga zinachitikira mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kumeneko? Poyankhula timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu: mtengo womera uli ndi liwu lokwera pakati, mtengo wogulira ulibe. Chimodzimodzi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona. "Ndimalima fodya" lingatanthauze kuti ndimalima chaka ndi chaka, kapena kuti ndinali kulima nthawi ina yapitayo, malinga ndi mmene mwalitchulira. Polemba sitiika zizindikiro za zimenezi. Munthu amadzaza mpatawo ndi zimene akudziwa: ndi mwezi wanji, akuyankhula ndani, dzulo kunali chimphepo kapena ayi. Makina amene alandira zilembo zokha ayenera kungoyerekeza potengera mawu oyandikana nawo.

Lojiki: kalondolondo wa ganizo

Gawo lachiwiri ndi lojiki, maphunziro ofufuza ngati mfundo yomaliza ikutulukadi m'mfundo zoyamba. Aristotle wa ku Greece anaulemba mwadongosolo zaka zoposa 2300 zapitazo. Chitsanzo: mbewu za m'gulu la nyemba zimaonjezera chonde m'nthaka, nandolo ali m'gulu la nyemba, choncho nandolo amaonjezera chonde. Chimene Aristotle anaona n'chakuti mphamvu ya ganizoli ili m'kapangidwe kake. Mutachotsa "nandolo" n'kuikapo "mtedza", kalondolondo sasintha.

Koma kapangidwe kabwino sikatsimikiza choonadi. Tamvani ichi: nsomba zonse za m'nyanja ya Chilwa ndi matemba; mlamba uwu wagwidwa m'Chilwa; choncho mlamba uwu uli m'gulu la matemba. Kalondolondo ndi yemwe uja, wosalakwika, koma yankho ndi bodza chifukwa mfundo yoyamba inali yabodza. Lojiki ili ngati chigayo: mukathira chimanga chofumbwa, ufa utuluka wosalala koma wofumbwa ndithu.

Palinso msampha wina umene umagwira anthu ndi makina omwe. Ndi zoona kuti chimanga chikasowa chakudya cha nayitulojeni, masamba amachita chikasu. Tsono mukaona masamba achikasu, kodi ndiye kuti chasowa feteleza? Osati nthawi zonse. Madzi akadikha m'munda, monga amachitira m'madambo a kufupi ndi Chiuta ndi Chilwa, masamba amachitanso chikasu. Kaufiti akagwira mizu, chimanga chimapinimbira n'kufota. Matenda ena a chimanga amajambula mizere yachikasu pamasamba. Amene wathamangira kugula thumba la ureya asanayang'ane mizu ndi nthaka akhoza kutaya ndalama pa matenda amene feteleza sachiza. "Chikasowa chakudya chimachita chikasu" si chimodzimodzi ndi "chikachita chikasu chasowa chakudya".

Gottfried Leibniz wa ku Germany, amene anamwalira mu 1716, ankalota tsiku limene anthu otsutsana adzakhale pansi n'kuwerengetsa kuti aone wolondola, ngati mmene timawerengetsera ndalama. Mu 1854, George Boole anasonyeza kuti mawu akuti "ndi", "kapena" ndi "si" angasanduke masamu a manambala awiri okha, 1 kuimira zoona, 0 kuimira zabodza. Mu 1937, Claude Shannon anasonyeza kuti maswichi a magetsi, oyaka ndi ozima, angathe kuchita masamu a Boole. Foni imene ili m'thumba lanu yadzaza ndi timaswichi totere tosaoneka ndi maso.

Ngakhale zili choncho, chiyankhulo cha anthu sichilowa mosavuta m'mabokosi awiri a inde ndi ayi. Namwino akafunsa kuti "simunamwe mankhwala?", Mchewa amene sanamwe amayankha kuti "eee", kutanthauza kuti zimene mwanenazo n'zoona, sindinamwe. Woyankhula Chipwitikizi pa funso lomwelo amati "não". Womasulira amene angotembenuza "eee" kukhala "sim" wapereka uthenga wosiyana ndi umene wodwala ananena. Liwu lamasuliridwa molondola, tanthauzo latembenuka.

Makina otsata ndondomeko

Kuti timvetse chimene kompyuta imachita, tiyang'ane bawo. Bawo lili ndi maenje 32 m'mizere inayi. Wosewera akasankha dzenje ndi mbali yolowera, zotsatira zake zimayenda zokha: kutola njere, kuponya imodziimodzi, kuona pamene yomaliza yagwera, kudya kapena kupitiriza. Mwana amene waloweza malamulo angathe kukuponyerani njerezo molondola ngakhale sakudziwa chifukwa chimene mwasankhira dzenje limenelo. Ndondomeko yotere, imene sitepe iliyonse ndi yodziwika ndipo siifuna kuganiza, ndi imene akatswiri amaitcha aligorizimu.

Mu 1936, Alan Turing wa ku England anafotokoza makina ongoyerekeza amene amawerenga chizindikiro chimodzi, kuyang'ana lamulo, kulemba china, n'kusuntha. Anasonyeza kuti makina osavuta chotero angathe kuchita ntchito iliyonse imene ili ndi ndondomeko yomveka, ndiponso kuti pali mafunso ena amene palibe ndondomeko ingawayankhe onse. Makompyuta onse a lero ndi zidzukulu za ganizo limenelo.

Mumakumana nazo mukamatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola. Foni imati sankhani 1, sankhani 2, lembani nambala, tsimikizani. Mukalemba 5000 pamene mumafuna 500 n'kutsimikiza, ipita 5000. Makinawo sadziwa kuti ndalamayo inali ya mbewu, ndiponso sanalakwitse kanthu. Atsata lamulo.

Njira ziwiri zophunzitsira makina chiyankhulo

Njira yoyamba inali ya akatswiri onga Bresnan ndi Kaplan: kulemba malamulo a galamala ndi mndandanda wa mawu pamanja, kompyuta n'kumawatsata. Ubwino wake ndi wakuti ikalakwitsa mutha kupeza lamulo limene lapunduka. Kuipa kwake, ntchitoyo imatenga zaka, ndipo anthu poyankhula amadumpha mawu, amasakaniza ziyankhulo, amaponya miyambi.

Njira yachiwiri ndi imene yafala tsopano. M'malo molemba malamulo, makina amapatsidwa mulu waukulu wa zolembedwa kuti apezemo okha mawu amene amayendera limodzi. Google Translate imagwiritsa ntchito njira ya mtunduwu, ndipo ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Maziko ake ndi kulosera chidutswa chotsatira. Wina akati "walira mvula walira...", inu mumaliza nokha kuti "matope", chifukwa munamva kambirimbiri. Makinawa amachita zofanana ndi zimenezi, koma atawerenga zolembedwa zochuluka kuposa zimene munthu angawerenge pa moyo wake wonse. Pochita zimenezi amatola galamala yambiri, mfundo zambiri zoona, ndi zabodza zomwe.

Pali zinthu ziwiri zotuluka pamenepa zimene mlimi wa m'malire ayenera kudziwa.

Choyamba, makina amakhoza molingana ndi zimene anadyetsedwa. Zolembedwa za Chingerezi ndi Chipwitikizi pa intaneti n'zochuluka zedi. Za Chichewa n'zochepa, ndipo zambiri mwa izo ndi zachipembedzo ndi nkhani zochokera ku Malawi. Za Emakhuwa, Elomwe ndi Ciyao n'zochepa koposa. Chiyankhulo cha pamsika wa Entre-Lagos, pamene munthu amayamba m'Chinyanja, kutchula mtengo m'Chipwitikizi n'kumalizira m'Chilomwe, sichipezeka m'mabuku. Mayina a kuno a tizilombo, udzu ndi mitundu ya mpunga akhoza kukhala achilendo kwa makinawo. Magulu monga Masakhane, logwirizanitsa ofufuza a mu Africa, akuyesetsa kutseka mpatawu, ndipo kampani ya Meta inaika Chinyanja pa ziyankhulo 200 za pulogalamu yake yomasulira ya mu 2022, koma ulendo ukadalipo.

Chachiwiri, kusalala kwa chiganizo si umboni wa choonadi. Makina olosera mawu anapangidwa kuti atulutse zomveka bwino. Akasowa yankho angathe kupeka mlingo wa mankhwala kapena dzina la mbewu, n'kulinena mosadodoma, ndi Chichewa chokoma ngati cha yankho loona. Munthu wonama kawirikawiri amagwidwa ndi maso kapena chibwibwi. Makina alibe zizindikiro zotere. Mapulogalamu amene amamangiriridwa ku buku limodzi lodalirika, monga Ulangizi, amachepetsa vutoli, koma bukulo linalembedwa poganizira mbewu, mankhwala ndi miyeso ya ku Malawi.

Kodi makina amamva?

Tafika pa funso la afilosofi. Mu 1950, Turing anati m'malo mokangana za liwu lakuti "kuganiza", tiyese chonchi: munthu azicheza polemberana ndi awiri obisika, wina munthu, wina makina. Ngati alephera kusiyanitsa, tili ndi chifukwa chanji chokanira kuti makinawo ndi anzeru?

Mu 1980, John Searle wa ku Berkeley anatsutsa ndi fanizo. Munthu wosadziwa Chitchaina watsekeredwa m'chipinda muli buku lalikulu la malamulo. Anthu akunja amalowetsa mapepala a mafunso a m'Chitchaina pansi pa chitseko. Iye amayang'ana maonekedwe a zilembo, kutsata buku, kukopera zilembo zina n'kutulutsa pepala. Akunja akusangalala kuti m'chipindamo muli katswiri wa Chitchaina, chonsecho mwini wake sakudziwa ngati akukamba za mpunga kapena za maliro. Searle anati kompyuta ili ngati munthu ameneyu: ili ndi kapangidwe ka mawu, ilibe tanthauzo.

Ena anamuyankha kuti munthuyo payekha samva, koma chipinda chonse, iye pamodzi ndi buku, chimamva. Enanso anati ubongo wathu nawo wapangidwa ndi timaselo timene patokha sitidziwa Chichewa, koma tonse pamodzi timatulutsa munthu wochidziwa. Nanga makina aletsedwa ndi chiyani? Gulu lina limati chimene chikusowa ndi thupi: kuti udziwe tanthauzo la "njala" uyenera kukhala chinthu chimene chingamve njala. Mkanganowu sunathe mpaka lero, ndipo makina atsopano aukolezera.

Chiyankhulo chathu chili ndi chonena pa nkhaniyi. Taonani ntchito za liwu lakuti "kumva". Timamva phokoso ndi makutu. Timamva fungo, timamva kuwawa, timamva chisoni. Timamva Chipwitikizi. Ndipo mwana "wosamva" si wogontha, ndi amene sasintha khalidwe atauzidwa. M'liwu limodzi muli khutu, thupi, mtima, nzeru ndi kuchitapo kanthu. Timatinso "ndinaganiza mumtima mwanga", kusonyeza kuti kwa ife kuganiza ndi kukhudzidwa sizitalikirana. Afilosofi a ku Malawi analowa m'nkhani zotere. Didier Kaphagawani, amene analembanso buku lonena za Leibniz, anafufuza mmene Achewa amaonera munthu. Grivas Kayange wa ku yunivesite ya Malawi anatulutsa mu 2018 buku lofufuza tanthauzo ndi choonadi pogwiritsa ntchito Chichewa. Ntchito zoterezi zimakumbutsa kuti mawu amene timafunsira funso amaumba yankho lake. Tikati "uyu si munthu" ponena za wankhanza, sitikukana kuti ali ndi thupi ndi nzeru. Tikunena kuti wasowa umunthu, kukhala ndi udindo pakati pa anzake.

Tikayeza foni ndi muyeso wa "kumva", zina imakwanitsa, zina ayi. Imalandira mawu, imawagwirizanitsa mwaluso, kawirikawiri imabweza zothandiza. Koma sinapondepo m'munda mwanu, ndipo chimanga chikapsa ndi mankhwala siigona ndi njala. Mlangizi amene wakusokeretsani mudzakumana naye pamsika, ndipo iye akudziwa zimenezo pamene akukulangizani. Kaya afilosofi adzagwirizana zotani za maganizo a makina, kusiyana kumeneku kulipo lero.

Zoyenera kuchita

Izi sizikutanthauza kuti mutaye foni. Kumene alangizi ndi ochepa ndipo midzi ili patalipatali, chida chomasulira ndi kuyankha mafunso usiku ndi usana n'chothandiza. Chofunika ndi kudziwa pamene chimapunthwa.

Samalani ndi manambala. Chipwitikizi chimalemba lita imodzi ndi theka kuti 1,5 pamene Chingerezi chimalemba 1.5. Ndipo 1.500 pa botolo la Chipwitikizi ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Kuno timayeza minda m'mahekitala, kutsidya alimi ambiri amayeza m'maekala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Mlingo wa pa hekitala mukauthira pa ekala, mwaonjeza mankhwala kuposa kawiri. Mtengo ukatchulidwa, funsani ngati ndi wa metikali kapena wa kwacha.

Samalani ndi kukana. M'Chichewa kusiyana kwa "thirani" ndi "musathire" kuli pa tizidutswa tating'ono. Chiganizo chimene chili ndi "não" kapena "nunca" chiwerengeni kawiri, ndipo ngati pali mwana wasukulu wodziwa Chipwitikizi, awerenge botolo lenilenilo. Zithunzi ndi mitundu ya pa chizindikiro cha botolo zimachenjezanso za ukali wa mankhwalawo.

Funsani momveka. Tchulani mbewu, msinkhu wake, mtundu wa nthaka, mmene mvula yagwera, ndi kuti muli ku Mecanhelas. Pewani mafunso okana onga "sindingathire lero?", chifukwa "inde" wake akhoza kukhala wa mbali iliyonse. Funsani kuti "ndithire lero kapena ndidikire?"

Funsani kawiri, mwa njira ziwiri. Mayankho akasiyana, dziwani kuti makinawo akungoyerekeza. Afunseninso kuti pali zifukwa zina ziti zimene zingabweretse chizindikiro chomwecho, kuti musagwe mu msampha wa masamba achikasu uja.

Pa nkhani zimene kulakwitsa kwake n'kodula, monga mlingo wa mankhwala a mbozi, katemera wa ziweto, mankhwala osungira chimanga m'nkhokwe ndi matenda a anthu, yankho la foni likhale poyambira chabe. Tengani botolo kapena tsamba lodwalalo mupite nalo kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ku ofesi ya SDAE ku Insaca, kapena kuchipatala ngati nkhani ndi ya thanzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo kufunsa kwabwino ndi kufunsa amene angaone ndi maso ake chimene chavuta.

Pomaliza, makinawa amaphunzira kuchokera pa zimene anthu alemba. Chinyanja, ku Tete, chinali chimodzi mwa ziyankhulo ziwiri zimene Mozambique inayesera maphunziro a ziyankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo maphunzirowa anayamba kufalikira m'masukulu mu 2003. Mwana aliyense amene waphunzira kulemba bwino chiyankhulo cha makolo ake, ndi mlimi aliyense amene walemba dzina la kuno la kachilombo kapena mtundu wa mpunga, akuonjezera pa nkhokwe imene omasulira a mawa, anthu ndi makina omwe, adzatapemo.